Matailosi pamwamba pa cork: yambani mwayalula mphasa

Nyumba zambiri zakale za ku Britain, zonga zimene abale athu amagula ku Manchester kapena ku Leicester, zili ndi bafa lomatidwa cork pansi, pena ndi kukhoma komwe. M'zaka za m'ma 1970 anthu ankaikonda chifukwa m'nyengo yachisanu sizizira kuphazi. Lero yathimbirira, ndipo mwini nyumba watsopano akufuna matailosi. Kukanganula cork kumathyola msana, ndiye ena amati bola kungomata matailosiwo pamwamba pake. Ine ndikuti musatero.

Mayi akafuna kuzira m'nyumba amayamba wayalula mphasa. Atazira pamwamba pa mphasayo, tsiku loyamba pangaoneke posalala ndithu. Koma dothi likauma silipindika, pamene bango la pansi pake limavomera munthu akaponda. Chapansi chikatsika, chapamwamba chimang'aluka.

Cork ndi khungwa la mtengo wina wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo Portugal yokha imatulutsa pafupifupi theka la cork ya padziko lonse. Mtengowo saudula. Amausenda koyamba ukafika zaka pafupifupi 25, kenako pakatha zaka 9 zilizonse. Khungwalo n'lodzaza timabowo ta mpweya tosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake limatseka bwino botolo la vinyo: ukalifinya limanyala, ukalisiya limabwerera. Kuphazi zimenezi n'zokoma, koma kwa tailosi ndi tsoka, pakuti tailosi ndi simenti yoimatira sizidziwa kupindika.

Choyamba kugonja ndi grout, timizere ta pakati pa matailosi. Mng'alu wake ungakhale ngati tsitsi, koma m'bafa madzi sasowa. Akalowa amakakhala pansi pomwe mphepo siifika, cork imafufuma m'mphepete n'kuyamba kumatuka. Mabafa ambiri ku Britain ali m'chipinda cham'mwamba, pa matabwa. Mwini nyumba amadzadzidzimuka ataona banga kudenga la pabalaza, matabwa atayamba kale kuola. Komanso cork yakale inapakidwa vanishi kapena polishi kwa zaka zambiri, ndipo simenti ya matailosi sigwira pamalo oterera chotero.

Kukhoma n'koopsa kuposa pansi. Amisiri a ku Britain amati khoma la pulasitala limanyamula makilogalamu 20 pa sikweya mita, kuphatikizapo simenti yomatira. Cork ikakhala pakati, katundu yenseyo walendewera pa guluu wa zaka makumi asanu, pamwamba pa mutu wa mwana amene akusamba.

Zoona, ilipo cork yopyapyala imene imapangidwira kuyala pansi pa matailosi kuti ichepetse phokoso. Imeneyo imabwera yosapakidwa kanthu, ndi malangizo ake a zomatira. Si yofanana ndi imene mwaipeza m'nyumbamo.

Ndiye kanganulani, koma mosamala. Mukapeza guluu wakuda wonga phula pansi pake, imani kaye. Guluu wina wotere anali ndi asbestos, amene Britain inamuletseratu mu 1999, ndipo fumbi lake limayambitsa khansa imene imadzaonekera patapita zaka zambiri. Musapale ndi makina, musasese pouma. Itanani odziwa atenge kachidutswa akayeze. Ndalama ya kuyezako ndi yochepa poyerekeza ndi mapapo a banja lonse.

Pakapezeka kuti palibe vuto, palani guluu yense. Pansi pa konkire thirani simenti yosalazira kuti pafanane. Pa matabwa, limbitsani kaye alionse ogwedera, kenako mangirirani bolodi ya simenti pamwamba pake. Mozungulira shawa pakani mankhwala otchinga madzi, ndipo pogula simenti ya matailosi sankhani yolembedwa S1, imene imalola kusuntha pang'ono kwa matabwa osang'aluka.