Thupi likalemera kwambiri

Munthu akabwera kumudzi kucokera ku tauni, abale ake amamulandira mokondwa. Amamuyang'ana bwinobwino, kenaka amati: "Koma ndiye mwanenepatu!" Iye amaseka, cifukwa mawu amenewa ndi oyamikira. Anthu ambiri amaona kunenepa ngati cizindikiro ca mtendere ndi cuma. Maganizo amenewa ali ndi pocokera. Mu 1992 mvula inakana, cimanga cinauma m'minda, ndipo anthu anaonda ndi njala. Agogo amene anaona zimenezi ndi maso awo sangadane ndi thupi lonona.

Koma kunenepa kuli ndi malire ake. Kukapitirira, thupi limasanduka katundu wolemera kwa mwini wake.

Mafuta a m'thupi amacokera kuti?

Cakudya cimapatsa thupi mphamvu. Ndi mphamvu imeneyo munthu amayenda, amalima, amapuma mpweya ndipo amaganiza. Ngakhale ali m'tulo, mtima wake umagwirabe nchito ndipo umafuna mphamvu.

Banja likakolola cimanga cambiri, silidya conse tsiku limodzi. Cotsala limaika m'nkhokwe. Thupi nalo lili ndi nkhokwe yake. Munthu akadya cakudya coposa nchito imene wagwira, cotsalaco thupi silitaya. Limacisandutsa mafuta n'kusunga pamimba, m'ciuno, m'nchafu ndi m'mikono. Tsiku la njala kapena la matenda, thupi limatapa m'nkhokwe muja. Conco mafuta pang'ono ndi ofunika.

Vuto limabwera ngati munthu akungothira m'nkhokwe tsiku ndi tsiku, osatapamo. Nkhokwe ya cimanga ikadzaza, mwini wake amaleka kuthiramo. Nkhokwe ya thupi siidzaza. Imangokulirakulira.

Kale anthu ankatapa kwambiri m'nkhokwe imeneyi. Amayi ankasinja cimanga mu mtondo. Abambo ankapita kumsika pansi, katundu ali paphewa. Kumidzi ya ku Angónia, ku Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ya Niassa ambiri akadali ndi moyo wotere, ndipo khasu, nkhwangwa ndi nkhafi siziwalola kunenepa msanga. Koma pali ena amene nchito yawo ndi yokhala pansi. Wogulitsa m'sitolo amakhala pampando kuyambira m'mawa. Woyendetsa galimoto amakhala pa ciwongolero tsiku lonse. Wa mu ofesi amakwera njinga yamoto ngakhale ulendo uli waufupi. Nchito ya thupi yacepa, koma mbale ya nsima ndi yomwe ija ya mlimi. Pamwamba pake pabwera mafuta ophikira, shuga ndi refresko, zimene kale zinali za pa cikondwerero cokha.

Anthu amasiyananso cibadwire. Ena amanenepa msanga ngati makolo awo, ena sanenepa ngakhale adye bwanji. Mankhwala ena nawo amanenepetsa. N'cifukwa cake munthu wonenepa sayenera kusekedwa kapena kuchedwa waulesi. Mwana wamakhalidwe sapatsa mnzake kapena munthu wamkulu dzina lacipongwe cifukwa ca thupi lake.

Kodi kunenepa kwambiri kumaononga ciyani?

Munthu amene wawonjezera makilo 20 ali ngati wasenza ndowa yodzaza madzi, koma osaitula usana ndi usiku. Mawondo amayamba kupweteka. Msana umadandaula. Akakwera kacitunda, amapuma mwawefuwefu.

Zoopsa kwambiri ndi zimene sizioneka. Mtima umavutika kupopa magazi m'thupi lalikulu. Kunenepa kumathandiza kubweretsa matenda a kuthamanga kwa magazi, amene m'Cipwitikizi amati tensão alta. Kumabweretsanso matenda a shuga. Matenda awiriwa amatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwini wake osamva kupweteka. Tsiku lina munthu amangogwa, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Enanso shuga amawaononga maso, impso ndi mapazi. Zikatere banja lonse limavutika, cifukwa wodwalayo nthawi zambiri ndi amene amabweretsa cakudya pakhomo.

Matenda a kuthamanga kwa magazi ndi ofala ku Moçambique. Mu 2005 anthu a zaka 25 mpaka 64 anapimidwa m'zigawo zonse za dziko. Mwa anthu 100 alionse, 33 anapezeka nawo. Atapimanso mu 2014 ndi 2015, anapeza 39. Si onse amene anali onenepa, pakuti mcere wambiri, mowa, ukalamba ndi mtundu wa kubanja nazo zimayambitsa matendawa. Ndiye munthu wamkulu aliyense, wonenepa kapena woonda, amacita bwino kukapimitsa magazi ake ku cipatala.

Cingwe cimauza zoona

Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba. Makomo ambiri alibe sikelo, koma cingwe sicisowa. Munthu wamkulu aime cilili, opanda nsapato. Mwana amuthandize kuyeza cingwe kuyambira kuphazi mpaka pamutu, n'kudula. Kenaka apinde cingweco pakati kuti cikhale theka. Theka limenelo alizungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga ziwiri zikakumana, zili bwino. Zikakana kukumana, mimba yakula kuposa msinkhu wa mwini wake, ndipo nthawi yocepetsa yakwana. Kuyeza kumeneku si kwa mayi woyembekezera.

Za m'mbale

Kucepetsa thupi sikutanthauza kugona ndi njala. Amene amadzimana cakudya tsiku lonse amafooka, ndipo madzulo amadya kawiri. Nsima nayo si mdani. Cofunika ndi kusintha kukula kwa zinthu m'mbale. Amene amadya mitanda itatu ayambe kudya iwiri, ndipo malo a mtanda wacitatuwo alowe masamba. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba: nkhwani, bonongwe, cisoso, mpiru, khwanya, kholowa kapena cigwada. Masamba amadzaza mimba koma sanenepetsa. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mazira, usipa ndi matemba zimamanga thupi ndipo zimacedwetsa njala. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera, cifukwa gaga amene amatayidwa pokonola ali ndi zofunika m'thupi.

Mafuta ophikira ndiwo amanyenga anthu ambiri. Amaoneka ocepa mu mphika, koma galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu imodzi ya ufa. Mbatata yophika m'madzi ndi mbatata yokazinga zimacokera m'munda umodzi, koma yokazingayo yamwa mafuta. Mandazi, zitumbuwa, cipisi ndi nyama yonona zili cimodzimodzi. Wophika wanzeru amayeza mafuta ndi supuni, sathira kucokera m'botolo. Nsomba akhoza kuiwamba kapena kuiphika ndi matimati ndi anyezi, ndipo imakomabe.

Nanga shuga? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene m'Cipwitikizi limachedwa OMS, limati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi masupuni aang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndipo kucepetsa kuposa pamenepo ndi bwino koposa. Citini cimodzi ca refresko wotsekemera, ca mamililita 330, cimakhala ndi masupuni 8 kapena 9. Palibe amene angathire masupuni 9 m'kapu ya tiyi anthu akuona. Koma m'citini shuga amabisala, ndipo munthu amamwa osakhuta. Kuti mphamvu ya citini cimodzico ithe m'thupi, munthu wamkulu ayenera kuyenda mwandawala pafupifupi theka la ola. Mowa nawo umanenepetsa mimba, kaya ndi wa m'botolo kaya ndi masese. Ludzu limamva madzi.

Pakamwa pakafuna zotsekemera, zipatso zilipo. Mango, mapapaya, magwafa, nthoci ndi masuku zimabwera pa nyengo yake. Ku Tete kuli masau ndi malambe ambiri. Cipatso codya cathunthu cimakhutitsa kuposa madzi ake ofinya n'kuthira shuga.

Mcere sunenepetsa, koma umakweza magazi. Munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi. Kaldo amene amathiridwa mu ndiwo ali kale ndi mcere wambiri, ndipo nsomba zouma zina nazo zili nawo.

Thupi liziyenda

Munthu safunika nsapato zodula kapena nyumba ya masewera. Kuyenda pansi mwandawala kumakwanira. Liwiro labwino ndi limene munthu amatha kulankhula ndi mnzake koma osatha kuimba nyimbo. Bungwe lija limati munthu wamkulu acite zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata kapena kuposapo. Ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Amene sanazolowere ayambe ndi mphindi 10, aziwonjezera pang'onopang'ono. Kumalo otentha ngati mzinda wa Tete ndi Moatize, nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Kupalasa njinga, kutsirira dimba, kuwaza nkhuni ndi kusesa pabwalo zonse zimawerengedwa. Gule naye ndi masewera. Amayi ovina cintali kapena ciwoda amatuluka thukuta kuposa woyenda pamsewu, ndipo abambo a ngoma ndi a mganda amadziwa mmene miyendo imamvera gule akatha. Bawo ndi yokoma, koma imalimbitsa mutu wokha.

Woyenda akamva kupweteka pacifuwa, cizungulire kapena kubanika, aime ndipo apite ku cipatala. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a mtima ayambe wafunsa anamwino asanasinthe kadyedwe kake.

Masewera okha, popanda kusintha za m'mbale, amacepetsa thupi pang'ono cabe. Kudya mosamala kokha, popanda kuyenda, kumafooketsa minofu. Ziwirizi zimakoka ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo imodzi.

Pang'onopang'ono

Mafuta amene anasonkhana zaka khumi sangathe m'sabata imodzi. Kutsika theka la kilo pa sabata ndi kokwanira. Munthu wa makilo 80 akataya makilo 4 okha, magazi ndi shuga wa m'thupi mwake zimayamba kale kutsika. Sabata zina sikelo siisuntha, koma lamba kapena kapulana imasonyeza kuti mimba yacepa. Kumsika ndi pa foni kumapezeka anthu ogulitsa tiyi ndi mapilitsi amene amati amasungunula mafuta masiku ocepa. Ambiri mwa mankhwalawa amangotsegula m'mimba. Munthu amataya madzi ndi ndalama, mafuta ali pomwepo.

Zimaphweka banja lonse likathandiza. Nkovuta kuti bambo adye masamba yekha ena akumwa refresko pambali pake. Mlendo akakana mtanda wacitatu, mwini nyumba asaganize kuti wanyozedwa.

Kuonda kwina ndi matenda

Kucepetsa thupi mwadala ndi kosiyana ndi kuonda kobwera kokha. Munthu akamaonda asanasinthe cakudya, makamaka ngati akutsokomola masabata awiri, akutuluka thukuta usiku, akutsegula m'mimba kawirikawiri, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite kukapimidwa. Zikhoza kukhala cifuwa cacikulu, HIV kapena shuga, ndipo onsewa ali ndi mankhwala. Pali anthu amene amaopa kucepetsa thupi cifukwa coopa miseche ya anansi, kuti adzati akudwala. Mantha amenewa asunga ambiri m'matupi olemera. Thupi la munthu silinena matenda ake, amene amanena ndi magazi opimidwa.

Nanga ana?

Zocepetsa cakudya ndi za akuluakulu. Mwana akukula, ndipo mafupa, magazi ndi ubongo wake zikufuna cakudya cokwanira. Ku Moçambique vuto lalikulu la ana ndi kupinimbira. Kafukufuku wa mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 anali aafupi kuposa msinkhu wa zaka zawo cifukwa cosowa cakudya coyenera. Mwana wa sukulu adye phala m'mawa, makamaka lothira nsinjiro, ndipo asadumphe cakudya ca masana kapena ca madzulo. Mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa nawonso sayenera kudzimana.

Mwana akaoneka wonenepa kwambiri, makolo asamumane nsima. Acepetse maswiti, mabisiketi ndi refresko, ndipo amulole kusewera panja. Mwana wa zaka zisanu kupita m'tsogolo amafunika ola lathunthu la masewera othamanga tsiku lililonse. Mpira, fulaye, cipako ndi kulumpha cingwe zimakwanitsa ola limenelo mwana osadziwa n'komwe.

Makolo acenjerenso ndi kutupa. Mwana amene watupa mapazi, masaya ndi mimba, tsitsi lake litafiira ndi kupyapyala, sananenepe ayi. Akudwala matenda osowa cakudya m'thupi. Mayi akadina phazi la mwanayo ndi cala n'kucotsa, pamatsala kadzenje. Mwana wotere apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi khadi lake la kusikelo.