Phunziro la ndege ya nkhondo ya m'chipululu kwa adindo a ku Benga

NKHOTAKOTA: Chinthu chakale chikhoza kukhala zaka zambiri chili bwinobwino pamene chabisika, koma n'kuonongeka m'masabata ochepa anthu akangochitulukira. Umu ndi momwe zinakhalira ndi ndege ya nkhondo ya mtundu wa P-40 Kittyhawk yomwe inapezeka m'chipululu cha dziko la Egypt m'chaka cha 2012. Nkhani yake ili ndi phunziro kwa adindo a m'madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi monga ku Benga m'boma la Nkhotakota.

Ndegeyi inali ya gulu la 260 Squadron la asilikali a m'mlengalenga a dziko la Britain. Inasowa pa 28 June 1942, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pomwe Flight Sergeant Dennis Copping wa zaka 24 ankaipititsa ku bwalo lina kuti ikakonzedwe. Iye anasokera njira ndipo anakatera pakati pa chipululu, kutali kwambiri ndi komwe kumakhala anthu.

Patadutsa zaka 70, munthu wina wa ku Poland yemwe ankagwira ntchito yofufuza mafuta anaipeza ili pafupifupi momwe inagwera. Pambali pake panali zidutswa za parachuti, pomwe wailesi ndi batire zinali zitatulutsidwa kunja. Izi zinapereka chithunzi choti Copping anapulumuka pa ngoziyo, anayesa kudzipangira mthunzi komanso kuitana anzake, kenaka anauyamba ulendo wapansi womwe sanaumalize. Dzina lake lili pa chipilala cha chikumbutso ku El Alamein pamodzi ndi asilikali ena omwe manda awo sadziwika.

Chomwe chinasunga ndegeyi ndi kuuma kwa malowo. Chitsulo ndi aluminiyamu zimadyeka pakakhala chinyezi, makamaka chokhala ndi mchere, ndipo m'chipululu chinyezicho n'chochepa zedi. Chifukwa chachiwiri n'chakuti kunalibe munthu woigwira.

Zithunzi zake zitangofalikira pa intaneti, zinthu zinasintha. Anthu anayamba kufika pamalopo, magalasi anaswedwa ndipo zipangizo zina za pamalo okhala woyendetsa zinachotsedwa. Asilikali a dziko la Egypt anachotsamo mfuti ndi zipolopolo poopa ngozi. M'chaka chomwecho ndegeyi inamasulidwa, kuikidwa mu kontena ndi kupititsidwa ku El Alamein. Nyumba yosungira mbiri ya asilikali a m'mlengalenga ya RAF Museum ku London inapereka ndege ya Spitfire ku kampani ya Kennet Aviation monga malipiro a ntchitoyo, poyembekezera kuti Kittyhawk ipita ku Britain.

Izi sizinatheke. Chipwirikiti cha ndale chomwe chinabuka ku Egypt chinasokoneza zokambirana, ndipo m'chaka cha 2017 ndegeyi inaonekera panja pa myuziyamu ya El Alamein itamatidwa, itapakidwa penti yowala komanso itajambulidwa mano a shaki kumphuno kwake, chizindikiro chomwe chinali cha gulu lina la 112 Squadron. Akatswiri ambiri anadandaula kuti mabala a ngoziyo ndi penti yake yeniyeni, zomwe zinali umboni wa zomwe zinachitika mu 1942, zinakwiririka.

Zofanana ndi izi zinaonekanso ku Libya. Ndege ya dziko la America ya B-24 yotchedwa Lady Be Good inasowa mu April 1943 ili ndi anthu 9, pochokera kokaphulitsa mabomba ku Naples. Inaonedwa mu 1958 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera kugombe la nyanja ya Mediterranean, ndipo matupi a anthu 8 mwa iwo anapezeka mu 1960. Kwa zaka zambiri aliyense wofikapo ankazulapo kachidutswa kokasunga kwawo, mpaka boma la Libya linasamutsira zotsalazo ku Tobruk mu 1994.

Dziko la Malawi lilibe chipululu, koma lili ndi nyanja, yomwe nayonso imasunga zinthu. Madzi ake ndi opanda mchere, ndipo pansi pakuya mpweya ndi wochepa, choncho chitsulo ndi matabwa sizionongeka msanga monga zimachitira m'nyanja zamchere. Nyanjayi ilinso ndi mbiri ya nkhondo. Mu August 1914, sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Edmund Rhoades, inaombera ndi kulemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Mfuti ya mtundu wa Hotchkiss ya sitimayi inaikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anafa sitima ya Vipya itamira pa 30 July 1946.

Boma la Nkhotakota lili m'kati mwa mbiri imeneyi. Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, yemwe anamira pa nyanjayi mu 1895, anaikidwa ku Nkhotakota, ndipo sitima yotchedwa dzina lake, yomwe inayamba kuyenda mu 1901, inanyamulapo asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ntchito yoikonzanso ku Monkey Bay kuti ikhale chipatala choyenda pamadzi inaima mu 2017, zomwe zikusonyeza kuti kukonza chinthu chakale kumafuna ndalama zokwanira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Ku Benga, komwe ndi pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota, anthu ambiri amadalira usodzi ndi ulimi. Msodzi woponya khoka, mlimi wogaula dimba ndi wokumba mchenga ndi omwe angakhale oyamba kuona chitsulo chachilendo. Ogula zitsulo zakale komanso osula mapoto a aluminiyamu amakhala okonzeka kupereka ndalama tsiku lomwelo, pomwe akatswiri a boma amatenga nthawi kuti afike. Pakati pa nthawi ziwirizi ndi pomwe mbiri imatayikira, ndipo oyimirapo ndi mfumu, komiti ya m'mbali mwa nyanja, mlangizi wa za usodzi, apolisi ndi ofesi ya bwanamkubwa.

Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale za dziko lino. Wotulukira chinthu chotere akuyenera kudziwitsa boma, ndipo n'kulakwa kuchiononga kapena kuchitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi nyumba zosungiramo mbiri ndiyo ili ndi ukadaulo wogamula zoyenera kuchita.

Choyamba chomwe mdindo akuyenera kuonetsetsa n'chakuti chinthucho chisasunthidwe. Momwe zidutswa zagonera ndi umboni, monga momwe parachuti ndi wailesi zinafotokozera za masiku otsiriza a Copping. Pajambulidwe zithunzi, malo alembedwe bwino, ndipo mayina a omwe anachiona koyamba asungidwe mu ofesi. Kulengeza malowo pa Facebook kapena WhatsApp chitetezo chisanaikidwe n'kuitana akuba.

Chachiwiri ndi chitetezo cha anthu. Bomba kapena chipolopolo chakale chikhoza kuphulika ngakhale chitachita dzimbiri, kotero kuchigwira ndi ntchito ya apolisi ndi asilikali basi. Pakapezeka mafupa a munthu, malowo ndi manda ndipo ayenera kulemekezedwa.

Chachitatu, chinthu chomwe chakhalitsa m'madzi chisavuulidwe pasanakonzedwe malo ochisungira, chifukwa chikangokumana ndi mpweya n'kuuma chimayamba kudyeka mofulumira. Pomwe ndege ya Ajeremani ya Dornier 17 inavuulidwa ku Goodwin Sands kufupi ndi gombe la England mu June 2013, akatswiri ku Cosford anaithira madzi osakaniza ndi asidi wa mtundu wopezeka m'mandimu kwa miyezi yambiri pofuna kuchotsa mchere ndi kuletsa kuti isapitirire kudyeka. Komwe ndalama zotere palibe, nzeru ndi kuchisiya m'madzi momwemo n'kulondera malowo.

Chachinayi, kusunga n'kosiyana ndi kukongoletsa. Wosunga amaletsa kuonongeka kuti kusapitirire, salowetsapo chinthu chomwe sichingachotsedwenso, ndipo amalemba chilichonse chomwe wachita. Penti yatsopano imakondweretsa alendo pa tsiku la mwambo, koma imafafaniza zomwe ana asukulu ndi ofufuza akanaphunzirapo.

Asilikali a Nyasaland a gulu la King's African Rifles anamenya nkhondo ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ndipo mamendulo, zikalata ndi zithunzi zawo zili m'mabanja m'midzi yambiri. Nazonso zimafuna chisamaliro chomwecho. Makhonsolo a m'mbali mwa nyanja angachite bwino kukambirana ndi mafumu ndi makomiti a asodzi za njira yoperekera lipoti chinthu chisanapezeke, kuti wochitulukira adzadziwe khomo loyamba logogoda.