Zithunzi Zothandiza Mwana wa Autism M'kalasi

Mau akatuluka pakamwa amapita ndi mphepo. Chithunzi chimakhala pomwepo, ndipo mwana angathe kuchiyang'ana kaŵiri, katatu, kufikira atamvetsa. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Autism, imene dokotala Leo Kanner anaifotokoza m'chaka cha 1943 atapenda ana 11 ku Baltimore, ndi mkhalidwe wa kakulidwe ka ubongo. Si ufiti, si mwano, ndiponso si kulephera kwa makolo. Ana ambiri otere amachedwa kumasulira mau olankhulidwa, ndipo amasauka mtima zinthu zikasintha mwadzidzidzi.

Tiyerekeze kalasi la Sitandade 1 kwa Kabudula kapena ku Nsaru, ana atadzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi akuti, "Tsekani mabuku, mukasambe m'manja, kenaka mufole pamzere wa phala." Anzake adzambatuka. Iye wagwira mau oyamba okha, enawo amupitirira. Chitsulo chikalira, iye atseka makutu nayamba kulira. Ife aphunzitsi, tisabise, timafulumira kunena kuti mwanayo ngwamakani.

Tsono tidule katoni, tijambulepo ndi makala buku, beseni, kapu ndi mpira, ndipo timakadito tikoleke pachingwe motsatana, pamene maso a mwana afikapo. Ntchito imodzi ikatha, mwana yemweyo achotse kadi lake naliponya m'chitini. Potero aona chimene chatha ndi chimene chikudza, ndipo nkhaŵa yake ichepa. Tsiku limene mvula yaletsa maseŵero, tisinthe kadi iye akuona, nthaŵi isanakwane. Ndondomeko zotere ndizo maziko a njira ya TEACCH, imene Eric Schopler ndi anzake anaikhazikitsa ku North Carolina.

Kwa mwana wosalankhula phindu lake nlalikulu koposa. M'chaka cha 1985 Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa njira ya PECS ku Delaware: mwana apereka chithunzi kwa munthu wamkulu, nalandira chimene wapempha. Mwana wokhala ndi kadi la chimbudzi sayembekeza kuti achite manyazi pamaso pa anzake. Makolo ena amaopa kuti makadi adzamulepheretsa kulankhula. Tiŵalimbitse mtima, pakuti kadi lililonse timalipereka pamodzi ndi liu lake.

Koma tichenjere. Si mwana aliyense amene amazindikira chojambula, makamaka chojambulidwa ndi dzanja lathu losazoloŵera. Kwa wotere tiyambe ndi chinthu chenicheni: kapu yeniyeni itanthauze phala, sopo atanthauze kusamba. Zimenezi ndi TALULAR yomwe ija timaphunzira pano pakoleji, ndipo sizilira ndalama. Cholakwa chimene timachiona kaŵirikaŵiri poyendera ophunzira athu m'masukulu nchakuti tchati chokongola chimapachikidwa kumwamba, chotetezedwa ku manja a ana, ndipo pakutha pa sabata aliyense wachiiŵala.

Makadi ena apite kunyumba. Mai akamapita naye kuchigayo kapena kumsika wa Namitete, amuonetse asananyamuke: njinga, chigayo, kenaka nyumba. Kadi lotsirizalo lisasoŵe, chifukwa ndilo limamuuza kuti phokoso la chigayo lili ndi mathero ake.