Kumene munthu wa ku Chikwa angapeze anzake olekera nawo mowa

Dera la Mfumu Chikwa lili m'chigwa cha Luangwa, kumwera kwa boma la Chama, boma limene linaikidwa m'chigawo cha Muchinga mu 2011 ndi kubwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2021. Munthu wa kumeneko amene mowa wamugwira, akafuna msonkhano wa anthu othandizana kuleka kumwa, amapeza kuti misonkhano yodziwika ya mtundu umenewu ili m'mizinda monga Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 700 kudzera ku Lundazi ndi Chipata, pa misewu imene nthawi ya dzinja imavuta kwambiri. Chipatala cha Chainama Hills, chimene ndicho chachikulu pa matenda a maganizo m'Zambia, nachonso chili ku Lusaka komweko.

Uchidakwa, monga mmene madokotala amaufotokozera, ndi matenda amene munthu amalephera kudziletsa pa mowa ngakhale akuona kuti ukumuwonongera thupi, banja ndi munda, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake ndi kufuna chakumwa m'mamawa kuti manja aleke kunjenjemera, chimene omwa amachitcha kuchotsa matsire. Boma la Zambia linaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, mu 2012, ndipo mu 2018 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa, koma malamulo otere amagwira wogulitsa, osati ludzu la munthu amene wamwa kachasu kwa zaka khumi.

Njira yoti zidakwa zizithandizana zokha inatchuka ndi gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith anazindikira kuti kukambirana kwawo kunkawathandiza onse awiri kukhala osamwa. Malamulo a gululi akuyenerera mudzi kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti palibe ndalama yolowera, palibe kaundula wa mayina, chofunika kwa membala ndi mtima wofuna kuleka basi, ndipo zidakwa ziwiri kapena zitatu zikasonkhana ndi cholinga chimenechi zili ndi ufulu wodzitcha gulu. Pamsonkhano aliyense amafotokoza za moyo wake popanda womudula mawu kapena kumuweruza, ndipo watsopano amasankha mnzake amene wakhalitsa osamwa kuti azimuyang'anira ndi kumufikira tsiku limene chilakolako chamukulira. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2020, amene anasanthula maphunziro 27, anapeza kuti chithandizo cholowetsa anthu m'magulu otere chimafanana kapena kuposa njira zina za uphungu pothandiza munthu kulekeratu. Kwa Chikwa, tanthauzo lake n'lakuti msonkhano suyenera kudikiridwa kuti uchokere ku Lusaka, chifukwa ungathe kuyambira pansi pa mtengo wa pasukulu.

Khomo loyamba, komabe, liyenera kukhala chipatala chaching'ono cha m'deralo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi angathe kukomoka ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu zimene palibe, vuto limene lingathe kupha ngati palibe mankhwala. Achibale amene amamutsekera m'nyumba kapena kuganiza kuti walodzedwa amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma amamuika pangozi. Wachipatala ndiye angaweruze ngati wodwalayo aleke ali kunyumba kapena atumizidwe ku Chama kapena ku Chipata, ndiponso ndiye amadziwa ena amene anabwerapo ndi vuto lomwelo ndipo angawafunse, aliyense payekha, ngati angafune kukumana.

Mipingo nayo ili ndi mbiri yake pa nkhaniyi: gulu la Blue Cross linayamba ku Geneva mu 1877, ndipo la Akatolika lotchedwa Pioneer, la anthu olonjeza kusalawa mowa, linayamba ku Dublin mu 1898 ndipo linafika mpaka m'maparishi a m'Zambia. Tchalitchi chingapereke chipinda ndi mabenchi, ngakhale kuti msonkhano ukasanduka ulaliki kapena bwalo lodzudzulirana, amene akuufuna kwambiri ndiwo amayamba kuthawa.

Chovuta chenicheni ndi chinsinsi. Mumzinda munthu amalowa m'chipinda cha anthu osamudziwa, pamene ku Chikwa amene wakhala naye pabenchi angakhale mlamu wake, ndipo mayi wotcheza kachasu amene ali naye ngongole angakhale azakhali ake, amene ndalama za kachasuyo ndizo zimalipirira ana sukulu. Pachifukwa chimenechi gulu la kumudzi liyenera kupangana kuyambira tsiku loyamba kuti zonenedwa pamenepo sizifika kwa ankhoswe kapena kubwalo la mfumu, ndipo amayi, amene kumwa kwawo kumanyozedwa koposa kwa abambo, amafunika nthawi yawoyawo. Msonkhanowo uyeneranso kuchitika m'Chisenga, chinenero cha anthu a kumeneko chimene n'chachibale ndi Chitumbuka, ndipo ukhale wosaphonya makamaka pambuyo pa kukolola, pamene ndalama za mpunga ndi thonje zalowa m'thumba ndipo mowa uli pakhomo lililonse.