Udindo wa Madairekitala a Kampani Malinga ndi Lamulo la Makampani la 2013

Unduna wa Zachilungamo ukukumbutsa onse amene analembedwa ngati madairekitala a makampani kuti udindo umenewu si wongolandirapo ulemu. Lamulo la Makampani la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lamulo lakale la 1984, linafotokoza momveka bwino zimene dairekitala ayenera kuchita, ndipo wolephera kuzitsata amayankha mlandu payekha.

Ambiri amasokonezeka ndi mawu akuti Limited amene amakhala kumapeto kwa dzina la kampani. Kampani ikalembetsedwa, lamulo limaiona ngati munthu woima payekha: imakhala ndi katundu wake ndi ngongole zake, ndipo ikhoza kusumira kapena kusumiridwa. Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa Salomon ku England mu 1897, ndipo makhoti a m'Malawi amaitsatira. Koma chitetezo chimenechi ndi cha eni masheya, omwe kampani ikagwa amangotaya ndalama zomwe anaikamo. Sichiphimba dairekitala amene wayendetsa kampani mosasamala kapena mwachinyengo, ngakhale iye yemweyo atakhalanso mwini masheya.

Dairekitala amatumikira kampani, osati munthu amene anamuika pampando. Ayenera kuchita zinthu mokhulupirika, kutsata malamulo oyendetsera kampaniyo, kugwiritsa ntchito mphamvu zake pa zolinga zomwe anapatsidwira, ndi kuweruza nkhani ndi nzeru zake m'malo mongovomera zonena za wapampando. Saloledwa kulandira mphatso kwa anthu ochita malonda ndi kampani pofuna kuti awakondere. Ngati kampani yomanga nyumba ikufuna kugula simenti kusitolo ya mmodzi wa madairekitala ake, dairekitalayo ayenera kuulula ku bodi kuti sitoloyo ndi yake. Malondawo akhoza kukhala abwino ndithu, cholakwa n'kubisa. Ndalama za kampani nazonso ndi za kampani. Kutapamo za fizi ya ana, za maliro kapena zomalizira nyumba popanda chilolezo ndiponso popanda kulemba m'mabuku n'kuphwanya udindo, ngakhale wotapayo ndi amene anayambitsa bizinesiyo.

Gawo lofunika kulimvetsa kwambiri ndi la kusamala ndi luso, chifukwa ndi limene limakola anthu osalingalira choipa chilichonse. M'makampani ambiri a pabanja, mwini bizinesi amalembetsa mkazi wake, mchimwene wake kapena mnzake wakuntchito ngati dairekitala pongofuna kudzaza mafomu. Munthuyo sapita kumsonkhano wa bodi, saona mabuku a ndalama, amangosaina pepala lomwe wabweretseredwa, mwinanso cheke chosalembedwa kanthu. Lamulo silidziwa dairekitala wa dzina lokha. Limayembekezera kuti aliyense wokhala pampandowo achite zomwe munthu wosamala akanachita pa udindo womwewo, ndipo amene ali ndi luso lapadera, monga wowerengera ndalama kapena loya, amayezedwa ndi muyezo wa luso lakelo. Mawu akuti "sindinkadziwa" sathandiza kukhoti, pakuti kusafunsako ndiye mlandu. Momwemonso munthu amene sanalembedwe paliponse koma ndiye amalamula madairekitala kuseri akhoza kuonedwa ngati dairekitala.

Zinthu zikayamba kuvuta, udindo umakula. Bodi isanagawe phindu kwa eni masheya, iyenera kukhutira kuti kampani idzathabe kulipira ngongole zake pa nthawi yake ndiponso kuti katundu wake ndi woposa ngongolezo. Kampani ikayandikira kugwa, madairekitala ayenera kuganizira okongoza ndalama, ogulitsa katundu ndi antchito omwe sanalandire malipiro. Lamulo loona za makampani ndi anthu olephera kubweza ngongole la 2016 linatsegula njira zopulumutsira kapena kutsekera kampani mwadongosolo. Kupitiriza kutenga katundu pangongole uku ukudziwa kuti sadzalipiridwa, kapena kusamutsira magalimoto a kampani m'dzina la wachibale okongoza asanafike, ndi njira yachidule yodzisenzetsa ngongole za kampani.

Zotsatira za kuphwanya udindo n'zingapo. Khoti likhoza kulamula dairekitala kubweza phindu lomwe anapeza mobisa, kulipira kampani zomwe yataya, kapena kulipira ngongole zake kuchokera m'thumba mwake ngati panali chinyengo. Likhozanso kumuletsa kuyendetsa kampani iliyonse kwa nthawi yoikika. Eni masheya ali ndi mphamvu zomuchotsa pampando, ndipo khoti likawalola akhoza kumusumira m'dzina la kampani. Kupereka zikalata zabodza ku ofesi ya Mlembi wa Makampani ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende. Milandu yambiri ya mtunduwu imamvedwa ku nthambi ya Khoti Lalikulu yoona za malonda.

Amene sakufunanso kukhala dairekitala alembe kalata yotula pansi udindo, asunge kope lake, ndipo aonetsetse kuti kampani yadziwitsa ofesi ya Mlembi wa Makampani za kusinthaku. Kungosiya kupita kumisonkhano sikuchotsa dzina m'kaundula, ndipo kutula pansi udindo sikufafaniza mlandu wa zomwe zinachitika munthuyo ali pampando.