Sitolo zazikulu za magawo: chiyambi chake ndi mitundu yake

Sitolo ya magawo ndi sitolo yaikulu ya mwini mmodzi imene katundu wake amayalidwa m'magawo: kuno zovala za amayi, uko nsapato, pamwamba mipando ndi mabedi, pansi ziwiya ndi zodzoladzola. Gawo lililonse limakhala ndi woliyang'anira, ogulitsa ake ndiponso buku lake la ndalama, moti mwezi ukatha eni ake amadziwa gawo limene labweretsa phindu ndi limene likudya mpamba. Imasiyana ndi supamaketi, imene imadalira kwambiri malonda a zakudya. Imasiyananso ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda momwe sitolo za eni osiyanasiyana zimachita lendi.

Kale kunali kunenerera

Kalelo sitolo zambiri ku Ulaya zinali zing'onozing'ono, ndipo iliyonse inali ndi malonda ake: wa nsalu payekha, wa zipewa payekha. Katundu ankakhala kuseri kwa kauntala, wopanda mtengo wolembedwa. Wogulitsa ankayamba wamuyang'ana kasitomala kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kutchula mtengo, kunenerera n'kuyambika. Wolowa m'sitolo ankayembekezeredwa kugula, ndipo kutuluka chimanjamanja kunali kochititsa manyazi. Anthu olemera ankatenga katundu pa ngongole n'kudzalipira patapita miyezi, choncho mwini sitolo ankakweza mitengo kuti asaluze.

Amalonda a m'mayiko osiyanasiyana anayamba kusiya mchitidwewu pang'onopang'ono. Mu 1673, Mitsui Takatoshi anatsegula sitolo ya nsalu ya Echigoya mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo. Iye ankagulitsa pa mtengo umodzi kwa aliyense, ndalama pompopompo. Sitoloyi ndi imene inadzakhala Mitsukoshi, yomwe mu 1904 inalengeza kuti yasanduka sitolo ya magawo. Ku London, sitolo ya Harding, Howell & Co., imene inatsegulidwa mu 1796 mumsewu wa Pall Mall, inali ndi magawo anayi. Ku Newcastle, sitolo ya Bainbridge inayamba kulemba ndalama za gawo lililonse padera mu 1849. Nako ku New York, Alexander Turney Stewart anatsegula sitolo ya Marble Palace mu 1846.

Kenako sitolo zoterezi zinachuluka chifukwa mafakitale ankatulutsa nsalu zambiri zotchipa, sitima zapamtunda zinkabweretsa katundu ndi ogula kuchokera kutali, ndipo m'mizinda munkachuluka anthu olandira malipiro. Magalasi akuluakulu anathandiza kuti katundu azionekera kumsewu. Chikepe chonyamula anthu cha Elisha Otis, chimene chinaikidwa m'sitolo ya Haughwout ku New York mu 1857, chinatsegula njira yoti malonda azichitikanso pansanjika zapamwamba.

Boucicaut ndi amene anamutsatira

Amene anasonkhanitsa njira zonsezi pamodzi anali Aristide Boucicaut wa ku Paris. Mu 1852 analowa nawo m'bizinesi ya sitolo yaing'ono ya Le Bon Marché, ndipo pamodzi ndi mkazi wake Marguerite anaisintha kotheratu. Chinthu chilichonse chinali ndi kapepala ka mtengo. Munthu ankaloledwa kulowa, kuzungulira, kugwira nsalu n'kutuluka osagula kanthu. Wogula akafika kunyumba n'kuona kuti sanakhutire nacho, ankatha kubweza kapena kusinthitsa. Boucicaut ankaika phindu lochepa pa chinthu chimodzi, n'cholinga choti katundu asagone m'mashelefu ndipo ndalama zizizungulira msanga. Ankatumizanso mabuku otsatsa malonda kuti akutali aziitanitsa katundu papositi. Mu 1869 anayamba kumanga nyumba yaikulu ya zitsulo ndi magalasi, ndipo mu 1883 wolemba mabuku Émile Zola anatulutsa buku la Au Bonheur des Dames atafufuza za moyo wa m'sitolo zoterezi.

Ena anawonjezerapo zawo. John Wanamaker anasandutsa depoti yakale ya sitima kukhala sitolo ku Philadelphia mu 1876. Harrods ya ku London inaika masitepe oyenda okha mu 1898, ndipo makasitomala amene ankafika pamwamba mtima uli phaphapha ankapatsidwa kabulande kuti mtima ukhale m'malo. Harry Gordon Selfridge, amene anaphunzira ntchito kusitolo ya Marshall Field ku Chicago, anatsegula Selfridges mumsewu wa Oxford Street mu 1909. Chaka chomwecho anaika m'sitolomo ndege ya Louis Blériot, imene inali itangowoloka nyanja kuchokera ku France, ndipo anthu anakhamukira kukaiona.

Amayi ndi amene anapindula kwambiri. Sitolozi zinali ndi malo omwera tiyi, zipinda zopumuliramo ndi zimbudzi, pa nthawi imene mayi wapaulendo mumzinda ankasowa pokhala mwaulemu. Zinalembanso ntchito atsikana ambiri, ngakhale kuti ankagwira maola ochuluka ali chiimire.

Mitundu yake

Mtundu woyamba ndi wa sitolo zapamwamba monga Harrods, Galeries Lafayette ya ku Paris ndi Saks Fifth Avenue ya ku New York. Izi zimagulitsa katundu wa mayina odziwika, ndipo nthawi zambiri kampani yopanga zovala kapena perefyumu imapatsidwa malo akeake mkati, n'kumagawana ndalama ndi eni sitolo.

Wachiwiri ndi wa sitolo za anthu opeza pakatikati, monga Macy's ku America ndi John Lewis ku Britain. Zimakhala ndi nthambi zambiri komanso katundu wa m'nyumba yense. Zina mwa izo zimagulitsa makamaka zovala, nsapato ndi zodzoladzola, monga Edgars, imene inayamba ku Johannesburg mu 1929.

Wachitatu ndi wa sitolo zotchipa. Walmart, Kmart ndi Target zonse zinatsegulidwa mu 1962. M'menemo kasitomala amadzisankhira yekha katundu, kuika m'ngolo n'kukalipira pakhomo, ndipo ogulitsa amakhala ochepa.

Wachinayi ndi wa sitolo monga TJ Maxx, zimene zimapikula katundu wotsala kumafakitale ndi kusitolo zina n'kumugulitsa motsitsa. Zimene zilipo lero mawa sizipezeka.

Masiku ano malonda a pa intaneti, kukwera kwa lendi ndi ngongole zafooketsa kwambiri sitolo za mtundu wachiwiri. Stuttafords ya ku South Africa inatsekedwa mu 2017, Sears inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2018, ndipo Debenhams inatseka nthambi zake zomaliza ku Britain mu 2021. Komabe njira zimene sitolozi zinafalitsa sizinathe: mtengo wolembedwa, ufulu woona katundu osagula ndiponso mwayi wobweza chinthu ndi risiti zikugwirabe ntchito m'sitolo zazikulu ndi zazing'ono zomwe.