Bwalo la Lambeau: M'mene Mzinda Waung'ono Unasungira Timu Yake

Ku Amereka kuli masewero a mpira umene osewera amathamanga nawo m'manja, nagwetsana. Matimu akuluakulu a mpirawu amakhala m'mizinda ikuluikulu, koma ya Packers iri ku Green Bay, m'chigawo cha Wisconsin, mzinda wa anthu ongopitirira 100,000. Wofuna kudziwa chifukwa chake ayang'ane mbiri ya bwalo lake.

Kuyambira 1925 timuyi inkasewera pa City Stadium, bwalo la mipando ya matabwa lolowa anthu 25,000. Patapita zaka, eni matimu ena anadandaula kuti ndalama za pakhomo nzochepa, nachenjeza kuti pakapanda kumangidwa bwalo lina, timu idzasamukira ku Milwaukee. Tsono nkhani inatulidwa kwa nzika, ndipo mu April 1956 zinavota kuti mzinda ukongole ndalama. Bwalo latsopano, la madola 960,000, lolowa anthu oposa 32,000, linatsegulidwa pa 29 September 1957 pamaso pa Wachiwiri kwa Pulezidenti, Richard Nixon. Tsikulo Packers inagonjetsa Chicago Bears 21 kwa 17.

Curly Lambeau, amene anayambitsa timuyi mu 1919, atamwalira mu 1965, bwalo linapatsidwa dzina lake. Linamveka ponseponse pa 31 December 1967, pamene Packers inagonjetsa Dallas Cowboys m'chisanu cha madigiri 25 kunsi kwa ziro, makina otenthetsa nthaka atalephera.

Bwalo litakalamba, funso lakale linabukanso. Mu September 2000 anthu a m'boma la Brown anavomera, ngakhale ambiri anakana, msonkho wa theka la senti pa dola iriyonse yogulira katundu. Nchito yokonzanso, ya madola 295 miliyoni, inatha mu 2003, ndipo msonkhowo unathetsedwa mu 2015. Lero bwaloli limalowa anthu oposa 80,000.

Awerengi athu azindikire kuti mizinda yoposa Green Bay inataya matimu ake pa mikangano ya mabwalo, monga Oakland, imene timu yake ya Raiders inasamukira ku Las Vegas mu 2020. Kusiyana kwake nkwakuti chiyambire 1923 Packers iribe mwini mmodzi: eni ake ndi anthu wamba ogula masheya osapatsa phindu. Chotero pamene anafunsidwa kawiri konse kuti apise m'thumba, ankadziwa kuti akusamala chao chomwe, chimene palibe mpondamatiki angachinyamule kupita nacho kwina.